FRA ANGELICO, MBALE WOLALIKIRA NDI ZITHUNZI

Pa tsiku la 18 Febuluwale Eklezia amakumbukira munthu amene sanalembe buku, sanaweruze dziko, ndipo palibe ngakhale ulaliki wace umodzi umene unasungidwa. Komabe papita zaka zoposa 500 cimwalirire iye, ndipo anthu a mitundu yonse akali kuyenda maulendo atali kukaona nchito ya manja ace. Munthuyo ndiye Mbale Giovanni wa ku Fiesole, wa m'dziko la Italy, amene dziko lonse limamdziwa ndi dzina lakuti Fra Angelico, ndiko kunena kuti Mbale wonga mngelo. Iye anali mmisiri wojambula zithunzi za pa guwa la nsembe, ndipo anakhala ndi moyo pa nyengo imene luso la kujambula linali kusandulika. Moyo wace wonse analimbana ndi funso limodzi lobvuta: kodi nzeru zatsopano za amisiri ndi cuma ca anthu olemera zingathe kutumikira pemphero osaliononga?

KUBADWA KWACE NDI KUITANIDWA KWACE

Anabadwa ca m'ma 1395 m'cigwa ca Mugello, pafupi ndi mudzi wa Vicchio, kumpoto kwa mzinda wa Florence, ndipo dzina lace la ubatizo linali Guido, mwana wa Pietro. Dzina lace lipezeka koyamba m'makalata a mzinda m'caka ca 1417, pamene analowa m'bungwe la akristu opemphera ku chalichi ca Carmine, ndipo pomwepo analembedwa kale ngati mmisiri wojambula. M'caka cotsatira analandira malipiro a cithunzi cimene anapangira chalichi cina ca mumzindamo. Cotero pamene anaganiza zosiya za dziko, anali mnyamata wodziwa kale nchito, wokhala mumzinda wolemera, momwe mmisiri wabwino akadatha kumanga nyumba ndi kukundika cuma.

Pofika caka ca 1423 anali atabvala kale mkanjo woyera ndi copfunda cakuda ca Cipani ca Dominiko Woyera, m'nyumba ya abale ya San Domenico pa phiri la Fiesole, ndipo analandira dzina latsopano lakuti Giovanni. Mbale wace wa mimba imodzi, Benedetto, amene anali mlembi wa mabuku, analowanso m'cipani comweco. Nyumba ya ku Fiesole inakhazikitsidwa mu 1406 ndi Giovanni Dominici, munthu amene anafuna kubwezera abale ku umphawi ndi mwambo woyamba wa cipani cao. Kumeneko mbale analibe kanthu kacekace. Ndarama zonse zimene Giovanni analandira pa zithunzi zace zinalowa m'thumba la nyumba, zodyetsera abale ndi zothandizira osauka.

Cipani ca Dominiko cimachedwa Cipani ca Alaliki, ndipo ciphunzitso cace cacikuru ndi cakuti mbale ayambe wasinkhasinkha za Mulungu, kenaka agawire ena zimene wapeza m'kusinkhasinkhako. Ena anagawira anthu ndi pakamwa, ena ndi mabuku. Mbale Giovanni anawagawira ndi utoto.

NCHITO YA CITHUNZI CA PA GUWA

Masiku amenewo anthu ambiri sanali kudziwa kuwerenga, mabuku anali kulembedwa pamanja, ndipo Misa inali kunenedwa m'Cilatini. Kale lomwe, ca m'ma 600, Papa Gregori Wamkuru anaphunzitsa kuti zithunzi siziyenera kupembedzedwa, koma kuti zimathandiza osadziwa kuwerenga monga momwe malembo amathandizira odziwa. Cifukwa ca ici akristu anaika cithunzi cacikuru kumbuyo kwa guwa. Wansembe popereka nsembe anali kuyang'ana ku guwa pamodzi ndi anthu, ndipo pakukweza Mkate woyera, unaonekera patsogolo peni peni pa cithunzico. Motero maso a mpingo anaona pamodzi Mwana wa Maria wojambulidwa pa thabwa ndi Mkate wokwezedwa m'manja mwa wansembe.

Cithunzi cotere cinali ndi makonzedwe ace odziwika. Pakati panakhala Virigo Maria ndi Mwana wace pa mpando wacifumu. Kumanja ndi kumanzere kunaima oyera mtima, yense m'thabwa lacelace, olekanitsidwa ndi timizati ndi nsonga zosema zopakidwa golidi. Pansi pace panali mzere wa tizithunzi tating'ono, umene Ataliyana amaucha predella, wosimba mbiri ya oyerawo cigawo ndi cigawo, kuti munthu wogwada pafupi ayambe kumanzere ndi kutsiriza kumanja monga wowerenga buku.

Kupanga cithunzi cimodzi kunatenga miyezi, nthawi zina zaka. Mmisiri wa matabwa analumikiza matabwa ouma a mtengo wa poplar. Pamenepo anyamata ophunzira nchito anamatapo nsaru, napakapo dothi loyera losanganiza ndi zomatira kambirimbiri, nalipala kufikira litasalala ngati mnyanga wa njobvu. Pa malo oyenera golidi anayamba apaka dothi lofiira, nayalapo timasamba ta golidi wosulidwa mopyapyala kwambiri, nakhula ndi mwala wosalala kapena dzino la nyama kuti anyezimire. Golidi ameneyu kawirikawiri anasulidwa kucokera ku ndarama za mzinda, ndipo wambiri wa golidi wofika ku Ulaya masiku amenewo anacokera ku Afrika wa kumadzulo, ataoloka cipululu ca Sahara pa ngamira. Utoto unali miyala ndi dothi zopera bwino, zosanganiza ndi cacikasu ca m'kati mwa dzira. Utoto wotere umauma msanga, cotero mmisiri anagwira nchito ndi kaburashi kakang'ono, kuika timizere tosawerengeka, wina pambali pa unzace. Wa mtengo wapatali koposa unali wa buluu wonga thambo, wopera kucokera ku mwala wa lapis lazuli, umene unakumbidwa m'mapiri a Afghanistan.

CINENERO CA ZIZINDIKIRO

Mkristu wa nthawi imeneyo anali kuwerenga cithunzi monga mlenje awerenga mapazi a nyama m'thengo. Golidi wa kumbuyo kwa oyera anatanthauza kuwala kwa Kumwamba, kumene kulibe usiku kapena nyengo. Mkombero wowala wa kumutu unasonyeza ciyero. Maria anabvala malaya ofiira ndi copfunda ca buluu, cifukwa kunayenera kuti utoto woposa wonse uperekedwe kwa Amai a Ambuye. Nkhunda inali Mzimu Woyera. Duwa la kakombo linali unamwali. Tsamba la kanjedza linali la iwo amene anafera cikhulupiriro. Munda wochingidwa ndi mpanda, wochulidwa m'Nyimbo ya Solomo, unali Maria mwini wace.

Oyera mtima anadziwika ndi zimene anagwira. Petro ananyamula mfungulo. Katarina anaima pambali pa gudumu limene anafuna kumzunza nalo. Laurenti anagwira citsulo cimene anamuocherapo. Agnesi anafukata mwana wa nkhosa, Maria wa Magadala nsupa ya mafuta. Dominiko anali ndi nyenyezi pamutu pace ndi kakombo m'dzanja, ndipo Petro wa ku Verona, Mdominikani wophedwa mu 1252, anali ndi bala lokha mwazi pamutu. Nkhalamba yosadziwa ngakhale lemba limodzi inali kuwachula onse maina. Mbale Giovanni sanapeke cinenero cimeneci. Anacilandira kwa amene anamtsogolera, nacilankhula momveka bwino koposa onse a mbadwo wace.

NZERU YATSOPANO

M'zaka zomwezo mu Florence munabuka cinthu cacilendo. Filippo Brunelleschi, amene anamanga denga lalikuru lozungulira la kathedrale pakati pa 1420 ndi 1436, anaonetsa lamulo lojambulira kuya ndi kutalika pa thabwa lathyathyathya. Yense amene waimapo pakati pa njanji adziwa kuti zitsulo ziwirizo zimaoneka ngati zikomana patali, ndi kuti mitengo ya kutali imaoneka yaifupi. Brunelleschi anayesa cimeneci ndi masamu, ndipo mu 1435 Leon Battista Alberti anacilongosola m'buku. Mnyamata wina, Masaccio, amene anamwalira mu 1428 asanakwanitse zaka 27, anajambula anthu olemera thupi, oponda pansi ndithu, okhala ndi zithunzithunzi zao, kotero kuti oona anazizwa.

Pamenepo panali njira ziwiri. Njira yakale, imene inaoneka mwa ulemerero wace wonse m'cithunzi ca Anzeru a Kum'mawa cimene Gentile da Fabriano anatsiriza mu 1423, inakonda golidi, nsaru zokoma ndi matupi opepuka. Njira yatsopano inakonda muyeso, kulemera ndi kuwala kwa dzuwa. Iriyonse inali ndi ngozi yace. Yakale ikadatha kusandutsa Uthenga Wabwino kukhala nthano yokongola yakutali ndi moyo wa anthu. Yatsopano ikadatha kukokera maso ku ucenjezi wa mmisiri ndi kuiwalitsa munthu cimene anadzera m'chalichi. Mbale Giovanni anaphunzira zonse ziwiri mosamala. Kwa akale anasunga utoto wowala ndi nkhope zofatsa. Kwa atsopano anatenga muyeso ndi kuwala kocokera mbali imodzi. Anazindikira kuti ngati Mau anasandulikadi thupi, kuyenera kuti wojambula aonetse cipinda ceniceni, pansi peni peni ndi munthu weniweni.

UTHENGA WA MNGELO

Nkhani imene anaibwereza kawirikawiri ndiyo ya mngelo Gabrieli kudza kwa Maria. Cimodzi ca zithunzi zimenezi anacipangira chalichi ca kwao ku Fiesole ca m'ma 1426. Cinatengedwa kunka ku Spain mu 1611, ndipo ciri m'nyumba yosungiramo zithunzi ya Prado ku Madrid. Maria wakhala m'khonde la mizati yoonda, buku liri pa bondo, manja atapingasa pa cifuwa. Mngelo wawerama pamaso pace, nayenso manja atapingasa, ndipo sikudziwika bwino amene aposa mnzace m'kudzicepetsa. Denga la khondelo ndi la buluu wa nyenyezi. Kumbuyo kuoneka kacipinda kopanda kanthu, koma benchi ndi kuwala kolowera pa zenera. Pa citsulo ca pakati pa mizati patera namzeze, mbalame yobwera ndi nyengo yatsopano, imene nthenga zace zakuda ndi zoyera zifanana ndi zobvala za abale a Dominiko.

Koma cigawo ca kumanzere ndico cigwira mtima. Kumeneko kuli munda wodzala ndi maluwa ndi zipatso, ndipo m'mundamo Adamu ndi Hava akuturuka, ankhope zacisoni, mngelo ali pamwamba pao. Kucokera pa ngondya ya kumwamba, manja a Mulungu atumiza muvi wa kuwala umene upyola pamwamba pa ocimwa awiriwo, nulowa m'khonde, nufika kwa Maria, nkhunda iri m'kati mwace. Pa thabwa limodzi mmisiri anaika kugwa kwa munthu ndi ciyambi ca cipulumutso cace, kusamvera kwa mkazi woyamba ndi kumvera kwa mkazi waciwiri. Mlaliki akadafuna ora lathunthu kuti alongosole zimenezi.

M'cithunzi cina ca nkhani yomweyi, cimene ciri ku Cortona, ca m'ma 1434, analemba mau a kukambirana kwao ndi zilembo za golidi pakati pa awiriwo. Mau a mngelo awerengeka monga mwa masiku onse, koma yankho la Maria linalembedwa cadodolido, ndipo ambiri amasulira kuti anatero cifukwa yankholo linali kupita kwa Iye amene ayang'ana ali kumwamba.

KUCHUKA KWACE

Mbiri yace inaturuka msanga kunja kwa mpanda wa abale. Mu 1433 bungwe la amalonda a nsaru za bafuta linapangana naye kuti awajambulire cithunzi cacikuru ca Maria ca zitseko ziwiri, pa mtengo wa ndarama za golidi 190, ndipo mphuthu zace za mwala wa marble anazilinganiza ndi Lorenzo Ghiberti. Angelo 12, ambiri a iwo oimba zoimbira zosiyanasiyana, amene azinga Maria m'cithunzico akhala akusindikizidwa pa timapepala topatulika kufikira lero.

Pa nyengo yomweyo banja la Strozzi linampatsa thabwa limene mmonke Lorenzo Monaco analisiya losatha pomwalira, kuti ajambulepo kutsitsidwa kwa Ambuye pa mtanda. Thabwalo linali logawika pamwamba m'zigawo zitatu monga mwa mwambo wakale. Mbale Giovanni sanasamale malirewo. Pansi pa nsonga zitatuzo anayala dziko limodzi: mzinda wa malinga kumanzere, mapiri kumanja, thambo lowala pamwamba pa zonse. Pakati amuna ali pa makwerero, kutsitsa mtembo mwaulemu. Maria wa Magadala apsompsona mapazi a Ambuye, ndipo munthu wina aonetsa anzace cisoti ca minga ndi misomali itatu. Ndi cithunzi ca maliro, koma udzu uli ndi maluwa ndipo kuwala ndi kwa m'mawa, pakuti wojambulayo anali kudziwa za tsiku lacitatu.

SAN MARCO NDI CUMA CA MEDICI

Mu 1436 Papa Eugenio IV anapereka nyumba yakugwa ya San Marco, m'kati mwa Florence, kwa abale a ku Fiesole. Amene anadzipereka kuimanganso anali Cosimo de' Medici, mwini banki, munthu wolemera ndi wamphamvu koposa mumzindamo. Eklezia wa nthawi imeneyo anali kuletsa kukongoza ndarama mwa katapira, ndipo Vespasiano da Bisticci, wogulitsa mabuku amene anamdziwa Cosimo, analemba kuti cikumbumtima cinali kumbvuta cifukwa ca mbali ina ya cuma cace, ndi kuti Papa ndiye anamlangiza kumanga San Marco. Mmisiri womanga anali Michelozzo. Wotsogolera abale m'zaka zimenezo anali Antonino, amene pambuyo pace anakhala Arkiepiskopi wa Florence, munthu wolemba molimba za macimo a m'malonda. Abale olumbira umphawi analandira nyumba kwa mwini banki, ndipo kunagwera Mbale Giovanni kujambula cithunzi ca pa guwa lalikuru cokondweretsa woperekayo, cosanyenga opemphera.

Anacigwira kuyambira ca m'ma 1438 kufikira ca m'ma 1443, ndipo anacita cimene cinali cisanazolowereke. Anacotsa timizati ndi nsonga zonse, napanga thabwa limodzi la ngondya zinai. Oyera mtima, amene kale anaima yense m'kacipinda kace, tsopano asonkhana pa bwalo limodzi mozinga mpando wa Maria, ngati akuru pa bwalo la mfumu. Makonzedwe amenewa anafala m'Italy monse, ndipo anadzachedwa kukambirana koyera. M'malo mwa golidi, kumbuyo kuli munda wa mitengo ya kanjedza ndi mikungudza, ndi thambo. Nsaru zochinga zakokedwera m'mbali, ngati kuti Kumwamba kwabvundukulidwa kanthawi. Pansi payalidwa mkeka wokoma wa kum'mawa, ndipo mizere yace yonse itsogolera diso kwa Mai ndi Mwana.

Oyera asanu ndi atatu amene alimo anasankhidwa mwanzeru. Marko ndiye mwini chalichi; Dominiko ndi Petro wa ku Verona ndi a cipani; Fransisko aimira umphawi. Laurenti ndi Yohane akumbutsa maina a mbale wace ndi atate wace a Cosimo. Patsogolo pagwada asing'anga awiri, Kosma ndi Damiano, pakuti dzina lakuti Medici litanthauza asing'anga. Damiano wafulatira anthu, maso ace ali kwa Maria. Kosma waceukira kwa mpingo, naloza ndi dzanja kumene onse ayenera kuyang'ana. Banja lolemeralo linalandira ulemu wace, koma linaulandira litagwada, ndiponso kupyolera mwa oyera awiri amene amakumbukiridwa cifukwa cociritsa odwala osalandira malipiro. Ndipo pansi peni peni, pakati, mmisiri anajambula kacithunzi kakang'ono ka Yesu wopacikidwa, kooneka ngati kaimikidwa pa guwa. Diso silingafike ku ulemerero wa mpando wacifumu lisanadzere pa mtanda, pamalo pomwe wansembe anakwezera Mkate.

M'mzere wa pansi anasimba mbiri ya asing'anga awiriwo: kuweruzidwa kwao, kuponyedwa m'nyanja, m'moto, ndi kudulidwa mitu. Kacithunzi kamodzi kaonetsa nthano yocokera m'buku la mbiri za oyera la Jacobus de Voragine, yosimba kuti oyerawo anafikira munthu wodwala mwendo ali m'tulo, nacotsa mwendo wobvundawo, naikapo mwendo wa munthu wa ku Etiopia amene anali atangoikidwa m'manda. Nkhaniyi siiri m'Malembo, koma m'cithunzico mwendo wakuda ndi mwendo woyera zinyamula thupi limodzi. Anthu a ku Florence anali ataona Aafrika ndi maso m'zaka zomwezo, pakuti Msonkhano waukuru wa Eklezia unasamukira mumzindawo mu 1439, ndipo mu 1441 kunafika nthumwi za Akristu a ku Ejipito ndi amonke a ku Etiopia. Chalichi ca San Marco cinadalitsidwa pa cikondwerero ca Epifania mu 1443, Papa ali pomwepo.

ZIPINDA ZA ABALE

Pamwamba pa nyumbayo pali tizipinda toposa 40, momwe mbale ali yense anagona, nawerenga, napemphera yekha. M'kacipinda kali konse Mbale Giovanni ndi omthandiza, mwa iwo Benozzo Gozzoli, anajambula cithunzi pa khoma. Nchito ya pa khoma iri ndi lamulo lina: utoto umapakidwa pa njereza yaiwisi, ndipo mmisiri amata cigawo cokhaco cimene angatsirize tsiku lomwelo, cifukwa njereza ikauma siilandiranso utoto bwino.

Muno anasiya golidi wambiri ndi buluu wa mtengo wapatali, nagwira nchito ndi utoto wa dothi ndi kuyera kwa khoma. Oona zithunzizi anali abale odziwa Malembo, osasowa kusimbiridwa nkhani yonse, cotero anacotsa zonse zosafunika. M'kacipinda ka 3 mngelo ndi Maria ali m'khonde lopanda kanthu, lofanana ndi kacipinda komweko. M'kacipinda ka 7 Ambuye akhala pa mpando, obvala zoyera, maso omangidwa ndi nsaru. Asilikari palibe. Pali manja okha olenjekeka m'mlengalenga, lina lopanda, lina logwira ndodo, ndi mutu wopanda thupi wolabvula malobvu. Manja opanda mwiniwo angakhale a munthu ali yense, ngakhale a mbale wogwada pamenepo. Pansi pace Maria wakhala wacisoni, ndipo Dominiko wakhala cete ndi buku pa maondo, kuonetsa mbaleyo macitidwe ace a kusinkhasinkha.

Munthu mmodzi yemweyo anajambula ca ulemerero m'chalichi ca anthu onse, ndi ca umphawi m'zipinda za abale, pakuti anayamba wafunsa amene adzapemphera pamaso pa cithunzico.

KU ROMA, NDI IMFA YACE

Mu 1445 Papa Eugenio anamuitanira ku Roma. Giorgio Vasari, amene analemba mbiri za amisiri patapita zaka pafupifupi 100, asimba kuti Papa anafuna kumpatsa mpando wa Arkiepiskopi wa Florence, koma iye anakana, ponena kuti sadziwa kulamulira anthu, nachula Antonino m'malo mwace. Antonino anakhaladi pa mpandowo mu 1446. Vasari yemweyo asimbanso kuti Mbale Giovanni sanali kugwira burashi asanapemphere, ndi kuti pojambula Ambuye pa mtanda misozi inali kutsika m'masaya mwace. Izi ndizo zimene abale a cipani cace anasunga m'cikumbukiro cao.

M'cilimwe ca 1447 anagwira nchito m'kathedrale wa Orvieto, natsiriza zigawo ziwiri za denga. Zotsalazo anadzazitsiriza Luca Signorelli patapita zaka zoposa 50. Pakati pa 1447 ndi 1449 anajambula kacipinda kopemphereramo ka Papa Nikolasi V ku Vatican, ndipo nkhani zace zinali za atumiki awiri ofera cikhulupiriro, Stefano ndi Laurenti. M'cigawo cimodzi Laurenti waima pakhomo pa chalichi cacikuru ca mizati, thumba liri m'dzanja, kugawira cuma ca Eklezia kwa akhungu, opunduka, amai a makanda ndi ana. Cithunzi cimeneci cinali pamaso pa Papa masiku onse popemphera.

Mbale wace Benedetto anamwalira mu 1448. Kuyambira 1450 kufikira 1452 Mbale Giovanni anali mkuru wa nyumba ya ku Fiesole, kumene anayambira. Pambuyo pace anabwerera ku Roma, namwalira komweko pa 18 Febuluwale 1455, m'nyumba ya abale a cipani cace, naikidwa m'chalichi ca Santa Maria sopra Minerva. Pa mwala wa manda ace anasemapo cifanizo cace atabvala mkanjo wa umbale, ndipo mau olembedwa pamenepo apempha kuti atamandidwe cifukwa copereka phindu la nchito yace kwa anthu a Kristu, koposa cifukwa cofanana ndi amisiri akuru akale.

ZIMENE ZINATSALA

Zithunzi za pa guwa sizinapeze mtendere wonse. Cija ca pa guwa lalikuru ku Fiesole cinasinthidwa ndi Lorenzo di Credi mu 1501, ndipo mzere wace wa pansi uli ku London. Ca Maria kubvekedwa cisoti caufumu, ca m'chalichi comweco, ciri ku Louvre mu Paris. Ca San Marco cinacotsedwa pa guwa, nicipasulidwa, ndipo tizigawo tace tinamwazikira ku Munich, Dublin, Paris, Washington ndi kwina. Thabwa lalikuru linaonongeka pamene anthu analitsuka ndi mankhwala aukali. Timatabwa tiwiri ta cithunzi cimeneci, tosowa zaka zambiri, tinapezeka mu 2006 titapacikidwa m'nyumba wamba ku Oxford. Koma zithunzi za m'zipinda za abale, zopanda cuma cokopa ogula ndi zosatheka kunyamulidwa, ziri pa makoma ao kufikira lero, ndipo nyumba ya San Marco inatsegulidwa kwa anthu onse mu 1869.

Dzina lakuti Angelico anampatsa atamwalira, ndipo anthu a ku Italy anamucha Wodala zaka mazana ambiri Eklezia asananene kanthu. Pa 3 Okutobala 1982 Papa Yohane Paulo II anabvomereza dzina limenelo, ndipo mu 1984 anamuika kukhala nkhoswe ya amisiri a zaluso.

Moyo wa Mbale Giovanni uli ndi phunziro kwa mmisiri ali yense, wosema, woumba, womanga kapena woluka. Iye sanaope nzeru zatsopano za mbadwo wace, ndipo anazidziwa bwino monga anzace onse. Sanakane kugwirira nchito anthu olemera, koma m'dzanja lace simunatsale kobiri. Pa zonse zimene anaphunzira anasunga zokhazo zothandiza munthu wogwada kuti apemphere. Sanazolowere kulemba dzina lace pa zithunzi zace, ndipo wolowa m'kacipinda ka ku San Marco amayamba waona Ambuye asanakumbukire kufunsa za mmisiri.